Osewera, kugula ndi makochi: mafunso amene masapota a ku Nkhotakota ndi Salima satopa nawo

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera paliponse pamene anthu a mpira akumana kuno kunyanja: pa depoti ya Nkhotakota, m'mavidiyo sho a pa Kamuzu Road ku Salima, pa msika wa Dwangwa, ngakhale padoko asodzi akamasoka makoka. Ena ndi mafunso enieni, ena ndi madandaulo chabe. Onse ndawayankha, ndipo pamene ndikunena maganizo anga ndanena poyera kuti ndi anga.

Bwanji ambiri kuno amachemerera matimu a ku Blantyre pomwe tili ndi Mafco pakhomo?

Chifukwa mpira wa ligi unafika kuno pa wailesi usanafike pa bwalo. Makolo athu anakula akumva mayina a Kinnah Phiri, Lawrence Waya, Jack Chamangwana ndi Yasin Osman pa MBC, ndipo mayina amenewo anali a Bullets ndi Wanderers. Bullets yomweyo inabadwa mu 1967 kuchokera mwa osewera amene anapatukana ndi Wanderers, n'chifukwa chake uneba wawo sutha. Timu munthu amaipeza pakhomo: bambo anali Maule (Bullets), malume anali Nyerere kapena Noma (Wanderers), mwana amangosankha pakati pa awiriwo. Ku Dwangwa kulinso anthu ochokera m'maboma onse amene anabwera kudzagwira ntchito ya nzimbe, aliyense ndi timu yake m'thumba.

Nkhani ya Mafco ndi yovutirapo. Kwawo ndi ku Salima, kusukulu ya asilikali, koma masewero ake apakhomo yakhala ikusewerera pa bwalo la Chitowe ku Dwangwa, mtunda wopitirira makilomita 150 pa msewu wa M5. Munthu wa pa Kamuzu Road kupita ku Lilongwe kukaona Silver Strikers ku Area 47 kumamufupikira kuposa kupita kukaona timu ya m'boma lake lomwe. Ndiye Mafco ya ku Salima amaidziwa bwino ndi anthu a ku Nkhotakota. Ine sindiona tchimo kukhala Noma kapena Maule pamtima, n'kumapitabe ku Chitowe kukachemerera asilikali tsiku limene timu yako ili kutali.

Ine ndimamvera mpira pa wailesi. Kodi sindingaweruze wosewera?

Mungathe, akulu, koma dziwani chimene wailesi imakupatsani ndi chimene imakubisirani. Woulutsa mpira amatsata mpira. Amene waugwira ndiye amatchulidwa dzina, amene waphonya chigoli amatchulidwa kawiri, amene wachinya amatchulidwa mpaka mawa. Pa mphindi 90, wosewera mmodzi amakhala ndi mpira kumapazi kwa mphindi zochepa kwambiri. Nthawi yotsalayo akuthamanga, akutseka njira, akukoka wotchinga kumbuyo kuti mnzake apeze mpata, kapena wangoima manja m'chiuno. Zonsezi pa wailesi sizimveka.

Tsiku lina pa Chitowe ndinasiya kutsata mpira, n'kumangoyang'ana mnyamata mmodzi wapakati wovala nambala 6. Mpira ukakhala kumanzere, iye amatembenuza mutu kuyang'ana kumanja. Wakumbuyo mnzake akakwera kukathandiza kutsogolo, iye amatsetsereka mwakachetechete kukatseka dzenje limene latsala. Kawiri konse anafika pamalo mpira usanafike, womwetsa zigoli wa timu inayo n'kungokweza manja osapatsidwa mpirawo chifukwa njira inali yotsekeka. Sanachinye, sanachenjezedwe, sanagwe pansi. Madzulo ake m'basi, bambo wina amene anamvera masewerowo pa wailesi ankati mwana ameneyo "sanaoneke n'komwe" ndipo kochi akungomukondera.

Pano mpomwe pagona mikangano yathu yambiri. Masapota a m'tauni amaona timu yawo sabata ndi sabata. Ife a kunyanja timaiona ndi maso mwina kamodzi kapena kawiri pa chaka, ikabwera ku Chitowe kapena tikasonkha ya galimoto kupita ku bwalo la Bingu ku Lilongwe. Zotsalazo timadalira wailesi, kanema akakhalapo, ndi tizidutswa ta mphindi imodzi ta pa Facebook. Palibe wogula nsomba wochenjera amene amalipira chambo atangomva pa foni kuti n'chachikulu. Amafika padoko, n'kuchiyang'ana maso, n'kuchigwira pamimba. Wosewera naye muoneni kaye, makamaka pamene alibe mpira.

Timu yathu yagula osewera ambiri chaka chino. Ndiye kuti ligi ndi yathu?

Ayi. Kugula kumakoma mu nyuzipepala, ligi imawinidwa m'masewero 30, ena mwa iwo ku Karonga, ku Mzuzu ndi kuno kotentha. Funso loyamba si "agula angati" koma "agula pamalo pati". Timu imene chaka chatha inkachinyitsa zigoli za kona ndi mipira ya m'mwamba, ikagula omwetsa zigoli atatu, yagula chimwemwe cha masapota, vuto lili pomwepo.

Chachiwiri, osewera atsopano akachuluka timu imayambanso kuphunzira kuyenda. Wapakati ayenera kudziwa kuti mnzake amakonda mpira kuphazi kapena kutsogolo, goloboyi ayenera kudziwana mawu ndi otchinga kumbuyo ake. Zimenezi zimatenga miyezi, ndipo mapointi otayika mu chigawo choyamba sabwerera. Kumbukirani 2016: Kamuzu Barracks inatenga ligi pamaso pa matimu amene ankatchuka pa msika wa osewera. Asilikaliwo anali atasewera limodzi nthawi yaitali, ndipo aliyense ankadziwa ntchito yake.

Chachitatu ndi chimene masapota sakonda kumva. Wosewera wochita bwino mu timu yaing'ono nthawi zambiri amakhala mfumu kumeneko: mipira yonse imapita kwa iye, akalakwitsa palibe womukuwiza. Akafika ku timu yaikulu amapeza anzake anayi pamalo pakepo, otsutsana nawo onse atakhala kumbuyo kutchinga golo, ndi chikhamu cha anthu chimene chimayamba kung'ung'udza akangotaya mipira iwiri. Ena amalimba, ena amafota. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kodi "waulere", "wa pa ngongole" ndi "wogulidwa" amasiyana bwanji?

Wogulidwa ndi amene kontrakiti yake inali isanathe, ndiye timu yatsopano yalipira timu yakale kuti imumasule. Wa pa ngongole ndi wobwereka: akadali wa timu yake yakale, ndipo nthawi ikakwana amabwerera pokhapokha atagwirizana zina. Waulere ndi amene kontrakiti yake yatha, timu yakale silandira kanthu.

Koma waulere si wa ulere. Ndalama imene ikanapita ku timu yakale nthawi zambiri imasanduka ndalama yosainira ya wosewerayo, kuphatikizapo malipiro a pamwezi, gemu bonasi, mwinanso nyumba. Malamulo a FIFA amalola wosewera amene kontrakiti yake yatsala ndi miyezi 6 kapena kucheperapo kusainirana ndi timu ina. Ndiye mukamva kuti mnyamata wanu wasaina kwa neba ligi ili m'kati, musathamangire kumutukwana. Funsani akuluakulu a timu yanu kuti anali kuti pamene kontrakitiyo inkatha. Malamulo omwewo amati kontrakiti isapitirire zaka 5, ndipo ya mwana wosakwana zaka 18 isapitirire zaka 3.

Bwanji wosewera wabwino wa Mafco sangopita ku Bullets, Wanderers kapena Silver?

Chifukwa ambiri mwa iwo ndi asilikali poyamba, osewera mpira pambuyo. Ali pa ntchito ya boma, ali ndi nambala, malipiro okhazikika ndi penshoni kutsogolo. Kuti achoke pamafunika chilolezo cha akuluakulu a usilikali, osati kungogwirizana mtengo. Chimodzimodzi ku Kamuzu Barracks, Moyale, Red Lions, ndiponso apolisi a Blue Eagles. Ndipo mnyamata woganiza bwino amawerengera: mpira ungathe Loweruka likubwerali bondo likathyoka, ntchito ya usilikali ikhalapobe.

Sikuti khomo ndi lotsekeratu. Richard Mbulu anatchuka ndi zigoli ali ku Mafco, kenako anakasewera ku Costa do Sol ku Mozambique ndi ku Baroka ku South Africa, komanso mu Flames. Zimatheka, koma njira yake si ya msika wamba.

Wosewera kapena kochi amene wapita kwa adani athu si wachiwembu kodi?

Kwa inu timu ndi magazi, kwa iye ndi ntchito. Zaka zimene munthu amadyera mpira ndi zochepa, ndipo ambiri amasiya alibe nyumba ngakhale poyambira geni. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Wosewera amene malipiro ake sanasinthe anangodzuka atasauka, ndiye musadabwe akamayang'ana kumene kuli kochulukirapo, kaya ndi kwa neba, ku Mozambique, ku Zambia kapena ku Tanzania.

Onani Peter Mponda. Ndi mwana wa Bullets, anaisewerera, anaitsogolera ngati kaputeni, anakhalapo wothandizira kochi. Mu 2024 anatenga ligi ndi Silver Strikers, n'kudula ulamuliro wa Bullets yomweyo, kenako chaka chotsatira anabwerera ku Bullets. Amene ankamunyoza mu 2024 ndi omwe ankamuimbira m'manja mu 2025, ndipo a Silver anachita mosemphanitsa. Chimene ine ndimadana nacho si kusamuka, koma kupsompsona baji Lamlungu uku utasaina kale kwina Lachisanu.

Tagonja masewero atatu otsatizana. Kochi achoke, eti?

Funso ili limafunsidwa ndi mkwiyo, ndiye tiyeni tiligawe. Mwagonja bwanji? Pali kugonja kumene timu yapanga mipata isanu ndi umodzi, yamenyetsa chitsulo kawiri, n'kuchinyitsa chigoli chimodzi cha penate. Palinso kugonja kumene simungadziwe ngati timu ikufuna kusewera pansi kapena m'mwamba, osewera akulozana zala, kusintha kwa kochi kukungowonjezera chisokonezo. Koyambako kumatha kokha. Kwachiwiriko ndiye kwa kochi.

Musanaimbe nyimbo yoti achoke, dzifunseni izi. Osewera analandira malipiro ndi mabonasi awo? Timu imene ili ndi ngongole kwa anyamata ake imaonekera mu mphindi 20 zomaliza, miyendo ikalemera ndipo palibe wofuna kuthyokera fupa bwana amene sakuyankha foni. Osewera amene anagulidwa anawasankha ndi kochiyo kapena anangowapeza pa treningi atabwera ndi wina wa mu komiti? Avulala ndi angati? Masewero atatuwo anali kuti, ndi ndani? Ndipo funso limene masapota amalithawa: akachoka, abwera ndani, ndipo ndalama yolipira kontrakiti ya wochotsedwayo ichokera pati? Nthawi zambiri imachokera m'thumba lomwe likanalipira osewera.

Kalisto Pasuwa anafika ku Bullets mu 2018 atatenga kale ligi ya Zimbabwe kanayi motsatizana ndi Dynamos. Kuno Bullets inatenga ligi kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023, ndipo mu 2023 inasesa zikho zinayi: ligi, FDH Bank Cup, Airtel Top 8 ndi Castel Challenge Cup. Koma funsani Maule aliyense woona mtima: m'zaka zimenezo munali masabata amene timu ikalepherana ndi timu yaing'ono, anthu ankati mpira wake ndi wosakoma, akusunga ana ambiri, nthawi yake yatha. Akuluakulu akanamvera phokoso la sabata imodzi, zikho zinazo sizikanabwera. Timu yomweyo inkatulutsa osewera kupita kunja chaka ndi chaka, n'kumakweza ena kuchokera ku timu yake yachisodzera, koma kasewerede kanali komweko chifukwa mphunzitsi anali yemweyo.

Sindikunena kuti kochi asamachotsedwe. Osewera akasiya kumumvera, kapena akamabwereza cholakwa chomwecho mwezi wathunthu osasintha kanthu, kumusunga n'kuwononga nthawi. Ndikungoti masewero atatu ndi ochepa, makamaka ngati onse atatu munawamvera pa wailesi.

Wabwino ndani, kochi wakunja kapena wakuno?

Pasipoti siphunzitsa mpira. Kinnah Phiri, wakuno, anafikitsa Bakili Bullets mu ndime ya magulu ya CAF Champions League mu 2004, ndipo mu 2010 anatengera Flames ku mpikisano wa Africa Cup of Nations ku Angola kumene inakwapula Algeria 3-0. Pasuwa, mlendo, wachita zimene tanena. Mu 2022 Flames inafika mu ndime ya matimu 16 ya Africa Cup of Nations ku Cameroon ili m'manja mwa Mario Marinica wa ku Romania, koma amene anaipititsa kumpikisanowo ndi Meck Mwase, ndipo ndi iye anakhala pa benchi tsiku limene tinagonjetsa Zimbabwe 2-1.

Akuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma alendo ena amabwera ndi chikwama chokha. Chimene chimandipweteka ndi kusiyana kwa kasamalidwe. Wakunja amapatsidwa nyumba, galimoto, osewera amene wapempha ndi nthawi yokwanira. Wakuno amapatsidwa mawu akuti "tayesani kaye", ndipo akagonja kawiri amamva pa wailesi kuti waimitsidwa. Apatseni zofanana, kenako muwayerekeze.

Bwanji kochi akusiya katswiri wathu pa benchi?

Zifukwa zimakhala zinayi kapena zisanu, ndipo sapota amaona chimodzi. Mwina wavulala pang'ono ndipo sakufuna kuuza adani. Mwina sanabwere ku treningi Lachitatu ndi Lachinayi. Mwina sabwerera kudzathandiza kutchinga, ndipo timu ya lero ili ndi wakumphepete wothamanga. Mwina ayambana basi, pakuti makochi nawo ndi anthu ndipo ena amasunga chakukhosi.

Dziko lonse linakangana nkhani yotereyi pa Gabadinho Mhango. Mu Januwale 2022 anachinya zigoli ziwiri zogonjetsera Zimbabwe, kenako chigoli chija cha kutali pokumana ndi Morocco, chimene mpaka lero ana amayeserera pa mchenga ku Senga Bay. Patapita miyezi yochepa Marinica anayamba kumusiya kunja kwa timu. Ena anati mwambo ndi mwambo, palibe woposa timu. Ena anati dziko losowa zigoli silingataye munthu amene anatsogola nawo pa omwetsa zigoli mu ligi ya South Africa ndi zigoli 16 ali ku Orlando Pirates. Ine ndili kumbali yachiwiriyi, koma pang'ono chabe: ntchito ya kochi ndi kupeza njira yogwiritsira ntchito munthu wovuta amene ali ndi luso, osati kungomuthamangitsa. Ikakanika njirayo, pamenepo benchi ndi yake.

Ana aluso ali mbwee m'midzi muno. Bwanji sitiwaona m'matimu akuluakulu?

Alipo ndithu. Pitani pa bonanza iliyonse ku Benga, ku Khombedza, ku Chipoka kapena ku Dwambazi, mudzaona mnyamata wopanda nsapato akuzunguza anthu atatu pa bwalo la mchenga ndi zitsa. Ndipo njira inatsegukapo kale. Esau Kanyenda anachokera ku Dwasco ya ku Dwangwa kupita ku Jomo Cosmos ku South Africa, kenako ku Rostov ndi Lokomotiv Moscow ku Russia. Munthu amene ankasewera pakati pa minda ya nzimbe anakasewera mu chisanu cha ku Russia.

Vuto ndi lakuti bonanza ilibe kaundula. Mnyamata amasewerera timu ya mudzi uno Loweruka, ya mudzi winawo Lamlungu, pansi pa dzina limene wakonda tsikulo. Aphungu ndi ofuna uphungu amabwera ndi mayunifolomu ndi chikho nyengo ya kampeni, chisankho chikatha mpira nawo watha. Makochi a matimu akuluakulu sangayende midzi yonse. Amayang'ana m'maligi a m'zigawo, m'mipikisano ya achisodzera ndi ya sukulu, kumene kuli mayina olembedwa ndi masewero otsatika. Timu ya m'mudzi imene ikufuna kuti ana ake aoneke ilembetse ku komiti ya mpira ya boma, ilowe ligi, ilembetse osewera ake mwa dongosolo.

Pali ndalamanso pamenepa imene ambiri saidziwa. Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina kontrakiti isanathe, 5 peresenti ya mtengowo igawidwe kwa matimu amene anamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23. Koma amalandira ndi amene ali m'mabuku. Ngati munamulera zaka zinayi, kumugulira nsapato ndi kumudyetsa, koma simunamulembetse, mudzangomuonera pa kanema n'kumauza anthu kuti "uyu ndi mwana wanga."

Chenjezo kwa makolo: wina akabwera n'kunena kuti ndi ejenti, mupereke ndalama kuti mwana akayesedwe kunja, kanani. Timu yofuna wosewera ndiyo imalipira ulendo. Komanso malamulo saloleza mwana wosakwana zaka 18 kusamutsidwa kupita ku timu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zochepa zolembedwa.

Zoona kuti osewera amachepetsa zaka?

Ena amatero, ndipo tonse tikudziwapo wina amene tinali naye kalasi imodzi koma lero ndi mng'ono wathu ndi zaka zisanu. Kalembera wa ziphaso za unzika wa 2017 anachepetsa chinyengochi, ndipo m'mipikisano ya CAF ya osapitirira zaka 17 amajambula fupa la padzanja ndi makina a MRI. Kwa sapota phunziro lake ndi ili: timu yanu ikagula "mnyamata wa zaka 23" amene mwakhala mukumumva pa wailesi kwa zaka khumi, musayembekeze kuti akula n'kuwonjezera liwiro.

Bwanji matimu akuluakulu amavutika pa Chitowe? Pali mankhwala?

Pali dzuwa. Timu yochokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe imatsika kuchoka kumtunda kozizira kudzasewera masana m'chigwa cha kunyanja, ndipo mu Okutobala ndi Novembala mpweya wa ku Dwangwa umakhala wolemera ngakhale kwa ife eni dera. Onjezani ulendo wautali pa M5, kugona malo achilendo, bwalo limene mpira sudumpha monga pa kapeti ya pa Kamuzu Stadium, ndi asilikali amene kuthamanga ndi chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku. Mphindi 60 zikakwana mumaona alendo akupempha madzi pa mpata uliwonse.

Za mankhwala ndazionapo zizindikiro zake ngati wina aliyense: timu kukana kulowera pachipata, kukana chipinda chovalira, munthu kuthira madzi osadziwika pagolo. Sulom, bungwe loyendetsa ligi, yakhala ikulipiritsa matimu chindapusa pa khalidwe lotere. Ine ndimangofunsa kuti ngati zimagwira ntchito, bwanji asing'anga athu sanatibweretserebe chikho cha Africa? Chimene zimachita n'kusokoneza mutu wa wosewera amene amazikhulupirira, ndipo nthawi zina zimenezo zimakwanira.

Oimbira mpira amatidana, si choncho?

Masapota a matimu onse 16 amanena zomwezo, ndiye mwina oimbirawo amadana ndi dziko lonse. Amalakwitsa, inde, ena moonetsa manyazi. Koma ofusayidi imene mwaiweruza muli kuseri kwa golo, kapena muli pa Kamuzu Road khutu lili pa wailesi, siyingapose ya munthu amene anaima pamzere.

Kodi ife masapota tili ndi mphamvu yanji pa zochitika za timu?

Yocheperapo kusiyana ndi kale, ndipo mwa maganizo anga n'zabwino. Panali nthawi imene magulu a masapota ankatha kutseka treningi, kuthamangitsa kochi, kuchotsa komiti, ngakhale kuima pachipata n'kumatolera ndalama. Lero Bullets ili m'manja mwa kampani ya Nyasa Manufacturing, Wanderers inasanduka kampani motsogozedwa ndi Thom Mpinganjira, Silver ndi ya Reserve Bank, Mafco ndi ya asilikali. Woika ndalama ndiye amalemba ndi kuchotsa kochi.

Mphamvu imene yatsala ndi ya m'thumba ndi ya pakamwa. Ndalama za pachipata zimagawidwa pakati pa matimu awiri, eni bwalo ndi mabungwe oyendetsa mpira, atachotsapo zolipira achitetezo ndi ena ogwira ntchito tsikulo. Aliyense wolowera pampanda, kapena wopatsa mlonda kangachepe kuti alowe, wachotsa m'kamwa mwa wosewera yemwe mawa adzamunena kuti alibe mtima. Yunifolomu ya pa kaunjika kapena yosindikiza kuseri kwa msika siipatsa timu tambala. Ndimaona anthu amene sanagulepo tikiti chaka chonse ali patsogolo kulamula kuti timu igule womwetsa zigoli wa ku West Africa. Ndi ndalama ya yani, achimwene?

Pakamwa gwiritsani ntchito: imbani pa mapulogalamu a masewero a pa wailesi, lankhulani pa misonkhano ya nthambi yanu, kuwizani timu ikasewera mwaulesi. Koma miyala ndi mabotolo ayi. Mu Disembala 2013 pa Balaka, masewero a Silver ndi Wanderers anathera m'chipolowe ndipo munthu anataya moyo. Kupatula maliro, ziwawa zimabweretsa chindapusa, kulandidwa mapointi ndi kusewera popanda oonerera, zonsezo zikugwera timu yomwe mukuti mumaikonda.

Aganyu ndi ndani, ndipo tiwatani?

Ndi aja amene timu yawo sikusewera lero, koma abwera molawirira kudzachemerera aliyense amene akukumana ndi inu. Mafco ikalandira Bullets pa Chitowe, theka la "masapota a Mafco" mumawapeza atavala za Mafco kunja, zabuluu za Wanderers m'kati. Palibe chowachita. Alipira pachipata, ndipo sabata yamawa aganyu mudzakhala inu.

Nanga mpira wa amayi bwanji sitiukambako?

Funso labwino, ndipo manyazi ndi athu. Scorchers, timu ya dziko ya amayi, inatenga chikho cha COSAFA mu 2023 itagonjetsa Zambia mu ndime yomaliza. Temwa Chawinga anasankhidwa wosewera wopambana onse mu ligi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current, ndipo mkulu wake Tabitha wasewerera Inter Milan, Paris Saint-Germain ndi Lyon. Palibe mwamuna wa ku Malawi amene wafika pamenepo. Awiriwa anachokera kumudzi ku Rumphi, ndiye palibe chifukwa choti wotsatira asachokere ku Lifuwu kapena ku Chia. Chimene chimawatsekereza atsikana akuno ndi ife makolo, amene timati mpira wawo ndi wamanja basi, ndiponso mabonanza amene chikho cha atsikana amangochiwonjezera pamapeto ndalama zikatsala.

Ndikufuna kukaonera ku Chitowe koyamba. Ndikonzekere bwanji?

Tsimikizani tsiku ndi bwalo kutatsala tsiku limodzi, chifukwa ndandanda imasintha ndipo masewero ena amasamutsidwa. Ngati mukuchokera ku Salima nyamukani m'mawa; minibasi imaima paliponse, ndipo nyengo ya mvula madzi akasefukira m'mitsinje ya pa M5 ulendo umatalika. Ochokera pa boma la Nkhotakota ali pafupi, komabe tsiku la timu yaikulu magalimoto amadzaza msanga. Kusonkherana ndi anzanu n'kupangana ndi dalaivala mmodzi wopita ndi kubwerera n'kwabwino kuposa kudzasaka galimoto mdima utagwa.

Tengani chipewa kapena ambulera ndi madzi akumwa. Gulani tikiti pamalo ovomerezeka ndipo muisunge mpaka mutatuluka. Foni ikhale m'thumba la kutsogolo polowa ndi potuluka. Mukakhala ndi ana, khalani kutali ndi magulu a ng'oma ndi masacheti, ndipo masewero akayamba kununkha mkangano tulukani kusanathe. Fikani nthawi yoti muone osewera akutenthetsa thupi, ndipo ngati mungathe khalani cha pakati pa bwalo osati kuseri kwa golo, chifukwa mpamene mizere yonse itatu ya timu imaoneka bwino.